Netiweki ya Kutsidya

Mukafuna kumudziwa Keziya, pitani ku Misa ya m'mawa pa Guilleme, muyang'ane benchi ya kumbuyo nthawi yolandira. Anthu adzuka, apanga mzere, kwaya yayamba nyimbo, koma pali mayi mmodzi wamtali yemwe watsala chikhalire, wangopinda mawondo kuti anzake adutse. Ndi yemweyo. Nyimbo zonse amazidziwa pamtima, maluwa a paguwa amathyola ndi iye, koma Ukaristia salandira. Sanabe, sanaphe munthu. Mlandu wake ndi umodzi wokha: ukwati wake ndi a Lovemore unathera pa chinkhoswe, ku tchalitchi sunadalitsidwe. Mwana wawo woyamba, Tiyanjane, anabadwa, anakula, mpaka anayamba kulandira, mayi ake akadali pa benchi yomweyo. Chinthu chimenechi chinkamupweteka Keziya kuposa dzino.

A Lovemore sankakana ayi, tisawasemere chinyau. Munthu angakane bwanji pamene palibe? Iwo ndi dalaivala wa thiraki, ndipo paja mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda. Lero ali ku Lusaka, mawa ku Ndola, mkuja pa mzere wa pa boda ina yomwe Keziya sankatha n'kuitchula komwe. Kunyumba ankabwera mwa apo ndi apo, atanyamula chitenje, shuga ndi tulo. Keziya akayambitsa nkhani ya ukwati, iwo ankayasamula n'kunena kuti adzakambirana akabwerako ulendo uno. Akanyamuka, iye n'kuwatsatira pa foni, ankangomva, "Halo? Halo? Netiweki, mayi a Tiyanjane, netiweki!" Foni n'kuduka.

Keziya ankakhulupirira. Musamuseke, inunso mukanakhulupirira. Nambala ya a Lovemore inkayamba ndi 260, ndipo ngakhale mwana wa sitandade wani ku Mchinji amadziwa kuti 260 ndi Zambia. Akapanda kuyankha, m'malo mwawo munkalankhula kamayi ka m'foni kaja, ka Chingerezi cha kutsidya. Munthu angafunenso umboni wina wanji kuti mwamuna wake ali kutali?

Chaka chimenecho abambo mfumu analengeza kuti Pasaka ikadutsa adzadalitsa maukwati onse ongokhalirana pa Misa imodzi, osafunsa keke kapena diresi loyera. Atatuluka m'tchalitchi, a Vitus akatekisti, bambo wofatsa wolankhula ngati akuopa kudzutsa khanda, anamukokera Keziya pambali.

"Mayi a Tiyanjane, mwayi wanu ndi umenewu. Ntchito ya bambowo ndikuidziwa, ndiye sindikufuna zambiri. Angonena ndi pakamwa pawo kuti avomera, kaya ndi pa foni. Za maphunziro tidzaona akabwera."

Keziya anafika kunyumba mapazi osagunda pansi. Anagula mayunitsi, anaimba. Koma abale, kuimbira nambala ya ku Zambia uli ndi simu ya ku Malawi kuli ngati kutunga madzi m'dengu. Moni yekha anadya theka. A Lovemore anafunsa za ana mmodzimmodzi, anafunsa za mvula, anafunsa ngati mbuzi yaswa, ndipo pamene Keziya ankati, "Ndiyetu abambo mfumu alengeza kuti," foni inati tii, tii, tii. Anaimbanso mawa lake, zomwezo. Apa Keziya anaona kuti mdani wa banja lake wamupeza. Sanali Satana, sanali apongozi, inali foni, ndipo anatsimikiza zothana nayo.

Tsiku la msika anamanga thumba la mtedza lomwe ankasungira masiku oipa, n'kukwera nalo minibasi ya ku Kamwendo. Kumeneko kuli kontena ya Yoram, wogulitsa ndi kusinthitsa mafoni, munthu wa kamimba kake, magalasi pamphumi, pakamwa ngati wailesi. Anamvetsera nkhani yonse akugwedeza mutu mwachisoni, kenaka anayala masimu atatu pa kauntala.

"Amayi, tiyambe ndi makampani, foni ibwera pambuyo."

Pa Kamwendo makampani a foni sawatchula mayina awo a pa chikwangwani, anawapatsa awoawo. Yoram analoza simu yoyamba.

"Uyu ndi Kadzidzi. Bandulo yake ndi yotchipa zomvetsa chisoni, mulankhula mpaka khutu litenthe. Kungoti imadzuka anthu akagona, tambala akalira yatha."

"Nthawi imeneyo dalaivala amakhala akugona kapena akuyendetsa."

"Ndiye Kadzidzi akhale pansi. Uyu ndi Kabawi. Uyu amagwira ponseponse, kudimba, kumanda, ngakhale m'chimbudzi. Koma mayunitsi amawakwatula ngati anapiye. Ali ndi bandulo yoimbira kunja, ya timphindi towerengeka, ndipo dzuwa likalowa yapsa, mwaimba simunaimbe."

"Ameneyo ndi amene ndili naye. Ndi amene wandibweretsa kuno."

"Pepani. Nanga zoimbirana pa intaneti? Masiku ano anthu akuonana nkhope ali ku Joni."

"Bambo foni yawo ya tachi inabedwa ku Ndola. Panopa ali ndi ya mabatani."

Yoram anamuyang'ana pang'ono, anatsitsa magalasi, anawakwezanso. Anali ndi mawu pakamwa, koma wamalonda wanzeru sathira mchenga m'chakudya chake. Anangonyamula simu yachitatu ndi zala ziwiri.

"Ndiye mankhwala ake ndi awa. Simu ya ku Zambia, analembetsa msuweni wanga wa ku Chipata. Zambia kuimbira Zambia kuli ngati kuitana mnzako wa khomo linalo. Mayunitsi ake eni ake amati tokotaimu, ndipo ndimagulitsa ndekha. Mukathira kamodzi, mukamba za ukwati, za ubatizo, mpaka za maliro."

"Igwira kwathu ku Guilleme?"

"Aaa, amayi, ine ndimapemphera, sindingakunamizeni. Kwanu siigwira. Mupite kumalire, kwa Katsekera. Kumapeto kwa mudzi kuli chulu chachikulu, anthu anachitcha Lusaka. Mukakwera pamenepo, timizere tonse timadzuka. Ndipotu nyumba za kuseri kwa chuluko mafoni awo amadya ku Zambia. Munthu ali pakhonde pake ku Malawi, foni ikumuuza kuti takulandirani ku Zambia, osadinditsa pasipoti."

Keziya anaseka mpaka kugwira kauntala. Anthu akumalire ndi zawo! Mawuwo analowa khutu ili n'kutulukira linalo, pakuti maganizo ake anali kale paguwa, atagwada pambali pa a Lovemore.

Tsopano inatsala foni. Yakeyo inali ya simu imodzi, ndipo Kabawi sakanamutaya chifukwa ndi nambala yomwe a mphakati ndi abale onse ankaidziwa. Panafunika ya masimu awiri. Yoram anatenga kafoni kakale kaja, anakatsegula kumbuyo, ananunkhiza batire, anakagogoda pa kauntala ngati akugula vwende.

"Iyi ndi nkhalamba. Batani la faifi linafufutika, chivundikiro mwamanga ndi mphira. Ndikailandira ndi chifukwa choti nkhani yanu yandikhudza."

"Nkhalamba imeneyo batire yake imatha sabata. Tochi yake ndi imene ndimayendera m'khola. Inagwera m'chitsime, ndinaiyanika pa denga, n'kudzuka."

"Ndiye ndati chiyani? Nkhalamba yolimba."

Anamuikira ziwiri. Ina inali ya tachi, yogwiritsidwapo kale ntchito, galasi lake long'aluka pakona. Ina inali ya mabatani yatsopano, yonenepa, ya sipika ngati ya pa msonkhano wa chipani. Keziya anati akaganize kaye, ndipo anazungulira msika wonse akufunsa. Safunsa anadya phula, inde, koma pa Kamwendo wofunsa amadya phula lochuluka. Mayi wa tomato anati ya tachi imathetsa mabanja. A kabaza anati ya mabatani ndi ya agogo, ndipo anagawikana pawiri, ena a Kadzidzi ena a Kabawi, mpaka anatsala pang'ono kugwirana makolala mwini nkhani atachoka kale. Wogulitsa kaunjika anati makampani onse ndi amodzi, amagawana ndalama usiku. Keziya anaima pamthunzi n'kulingalira yekha. Kwawo kulibe magetsi, ya tachi idzafuna kutchajitsa ku golosale tsiku ndi tsiku, ndipo iye safuna kuona zithunzi za anthu. Akufuna kumva liwu limodzi, "ndavomera," lomveka bwino loti akalitule kwa a Vitus.

Anatenga ya sipika. Anasiya kafoni kake ndi thumba la mtedza pamwamba. Pamene Yoram ankakaponya m'katoni momwe munali tinzake takufa, Keziya anamva chisoni ngati wagulitsa mbuzi yoweta yekha, koma anadziuza kuti ukwati ndi wofunika kuposa tochi.

M'mawa mwake anavala chitenje chabwino, ngati kuti a Lovemore akamuona pa foni, n'kukwera kabaza ya njinga yamoto. Njira ya kwa Katsekera ndi yaitali ndi yoipa. Anadutsa minda ya chimanga chomwe chinali chitayamba kukhwima, zigafa zodzaza fodya, milatho ya mitengo yomwe umawoloka ukupemphera. Wa kabaza anamutsitsa pa chulu n'kukakhala pansi pa mtengo kumudikira.

Pa Lusaka panali mzere. Pamwamba panali bambo wina akukalipira munthu wa ku Chipata za mtengo wa soya. Atatsika, panakwera mayi wofunsa ngati katundu wake wadutsa. Keziya anadikira moleza mtima, pakuti amene wadikira zaka zonsezi sangalephere kudikira wa soya. Itafika nthawi yake anakwinya chitenje, anakwera, anayang'ana foni. Yoram sananame. Timizere tonse tinali chilili.

Anadina nambala ija ya 260. Inalira bwinobwino, mopanda phokoso.

Kuseri kwa chulu, kumunsi pang'ono, kunali nyumba zingapo. Imodzi inali ya malata atsopano, chitseko chobiriwira, sola padenga, matewera pachingwe. Pansi pa mtengo wa mango panali bambo wina atagona pamphasa, atavala vesiti, chipewa chitaphimba nkhope. Keziya anamuona bamboyo akudzambatuka, akupisa m'thumba, akuyang'ana foni. Anangoti mumtima, anthu a kuno foni sizipuma.

"Halo, ni ndani?" anatero mawu m'khutu mwake, m'Chinyanja cha kutsidya, mwaulemu ngati munthu woganiza kuti akuimba ndi abwana.

"Ndine mayi a Tiyanjane."

Bambo wa pamphasa uja anaimirira ngati wakhalira linthumbu. Chipewa chinagwa. Dazi lija Keziya ankalidziwa bwino, analiona likuyamba.

Koma mtima wa munthu ndi wouma mutu, unayamba kaye wamuuza kuti madazi ndi ambiri pa dziko lapansi.

"Nambala iyi mwaitenga kuti?" anafunsa a Lovemore.

"Ndagula simu ya kwanuko kuti tizimvana bwino. Muli kuti, bambo a Tiyanjane?"

"Ku Ndola. Tili pa mzere, akutipakira simenti. Fumbi lake, mayi, simungalipirire."

Bambo wa ku Ndola uja ananena zimenezi akukanda pamimba, nkhuku ikujompha pafupi ndi phazi lake.

"Ndimafuna ndimalize nkhani ija ya abambo mfumu. Akuti Pasaka ikadutsa adalitsa maukwati. A Vitus akungofuna mawu anu."

Ndiye Keziya anaona ndi maso ake momwe netiweki imathawira. A Lovemore anachotsa foni kukhutu, anaitambasulira kutali ndi dzanja, n'kumafuulira chapatali, "Halo? Halo?" Kenaka anaibweretsa pakamwa n'kumauzira mpweya, fuu, fuu, ngati akukoleza moto. Ankachita mwaluso ndithu, zinkaoneka kuti ndi ntchito yomwe anaizolowera.

"Ine ndikukumvani bwinobwino," anatero Keziya. "Musadule."

Anatsika chulu foni ili kukhutu. Anadutsa pa kamunda ka mbatata, anapatuka pa khola la nkhumba, anaima pamphepete pa bwalo.

"Odi kuno ku Ndola!"

A Lovemore anamva odi ameneyo kawiri, m'foni ndi kumsana. Anatembenuka pang'onopang'ono. Foni anaisiya kukhutu ngati yamatirira.

"Eee, fikani!" anayankha mawu a mkazi m'nyumba.

Munatuluka mtsikana wa nkhope yowala, mwana kumbuyo, manja a sopo. Dzina lake anali Tawina, ndipo ndinene pano kuti analibe mlandu, mwana wa eni. Anathamangira mpando, anaupukuta ndi chitenje, anagwada n'kupereka moni wonse wa mlendo. Kenaka anayang'ana a Lovemore.

"Bambo a Mwayi, alendowa ndi ndani?"

Bambo a Mwayi anali akuyang'ana nkhuku.

"Ndachokera ku Guilleme," anatero Keziya.

"Mayo, ndinu alamu!" Tawina anaomba m'manja. "Alongo awo amasiye aja, amene amakuthandizani kulera ana? Ndakhala ndikuwachonderera kuti andiperekeze ndikakuoneni, iwo amangoti msewu ndi woipa. Thiraki akaisiya pa boda amabwera kuno atatoperatu. Pa ukwati pajatu tinakudikirani, anati munadwala malungo."

"Ukwati uti?"

"Wathuwu. Tinakadalitsira kwathu ku Chipata, chaka chatha. Dikirani muone, alamu, zithunzi zili m'foni yomwe anandipatsa."

Inali ya tachi, yobedwa ku Ndola ija. Tawina anagwada pambali pake n'kumapalasa ndi chala, wosangalala kuti wapeza womuonetsa. Apa akulowa m'tchalitchi. Apa akuvekana mphete. Apa a Lovemore ali mu suti yotuwa, agwada paguwa, maso atseka, manja apinda pachifuwa, lilime panja, akulandira.

Keziya anachiyang'ana chithunzi chimenecho nthawi yaitali. Za mkazi wachiwiri akanazimvetsa, si woyamba kuziona, amayi anzake angapo a mu mphakati akupirira zomwezo. Koma ichi chinamulasa pena. Chaka chonsechi, pamene iye ankapinda mawondo kuti anthu adutse, mnzake wa mlanduwo anali atatulukamo kale yekha, n'kukalandira. Ndipo anazindikira, popanda womuuza, kuti pamaso pa mpingo mkazi wa a Lovemore ndi mtsikana wa manja a sopoyu. Iye, wa chinkhoswe, wa ana anayi, wa mbuzi ndi munda, ndiye anali chibwenzi. Anachita manyazi, ndipo manyaziwo anamukwiyitsa chifukwa sanali ake.

Anapempha madzi. Tawina anathamanga kukatunga, anabwera nawo m'kapu ya alendo. Keziya anamwa onse, anabweza kapu ndi manja awiri, anaimirira.

"Zikomo, mwana wanga, wandilandira bwino. Koma alongo angawa ndabereka nawo ana anayi. Zotsalazo akuuza okha, Chinyanja amachitha."

Kapu inagwa m'manja mwa Tawina. Keziya sanacheuke. Ali pa khola la nkhumba anamva mwana akulira, kenaka mayi ake, kenaka anthu a nyumba zoyandikana akutsegula zitseko. A Lovemore anamutsatira pang'ono opanda nsapato, akuti, "Mayi a Tiyanjane, tikambirane, nkhaniyi ili ndi mutu wake," koma minga ya m'munda wa mbatata inawabweza. Amene anali pamwamba pa chulu anasiya kuimba foni n'kumaonerera, tokotaimu ikupita pachabe.

Wa kabaza ataona nkhope yake anangoliza njinga. Anayenda mtunda ndithu. Atafika pa zigafa paja, simu ya ku Malawi inadzuka, ndipo foni inalira ndi sipika yake yonse mpaka wa kabaza anadzidzimuka. Anali a Vitus. Keziya anamugwira wa kabaza paphewa kuti aime.

"Mayi a Tiyanjane, ndimati ndimve. Mwawapeza bambo?"

"Ndawapeza."

"Tithokoze Mulungu. Avomera?"

"Anadalitsa kale, a Vitus. Chaka chatha, ku Chipata. Mkazi wake ndamuona, ndi waulemu."

Keziya ankamva kupuma kwa a Vitus, pakuti foniyo inalidi yabwino.

"Ndifunse nawo," anapitiriza. "Mkazi akakhala yekha, m'nyumba mopanda mwamuna, amalandira?"

"Akalapa, amalandira, mayi."

"Akalapa chiyani?"

A Vitus anatsokomola. Anayamba kufotokoza za malamulo a mpingo, anasiya, anayambanso, mawu akucheperachepera.

"Zaka zimene munakhala limodzi zija. Mukazitchule."

"Zonse?"

"Zonse, mayi. Abambo mfumu amakhalapo Loweruka masana."

Keziya anathokoza, anadula foni, anaimanga pa nsonga ya chitenje. Chimene anachifuna moyo wake wonse chinali chitapezeka, Lamulungu likubwerali adzaima pa mzere ngati anzake. Anayembekeza kuti asangalala, koma m'malo mwake misozi inangoyamba yokha, yambiri, mpaka wa kabaza anayang'ana kumbali n'kumakonza galasi lomwe linali bwinobwino. Atapukuta kumaso anakwera, ndipo njira yonse yotsala ankayeserera chamumtima momwe akayambire kulapa akakagwada: Ndidalitseni bambo chifukwa ndachimwa, ndakhala ndikuphikira mwamuna wa mwini.